Ndinatentha Alonda a Maunda

Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi pamene ndinkakhala kwa amjomba anga ku Malindi. Iwo ankasamalira maluwa pahotela ina ku Makokola, ndipo kunyumba ankabwera kamodzi pamwezi. Nkhunda zawo anandisiyira ine. Khola linali pa mizati inayi pansi pa mtengo wa mango, ndipo m'mawa uliwonse ndinkathira phulusa kuzungulira mizatiyo kuti nyerere zisakwere.

Mumtengomo munkakhala nyerere zofiira, zazitali miyendo, zimene zinkalumikiza masamba n'kupanga zisa zazikulu ngati chibakera. Pansi panali mtundu wina, tating'ono tamitu ikuluikulu, timene tinabwera m'chitini cha duwa chimene amjomba anachokera nacho kuntchito. Pa miyezi yochepa tinyerere timeneti tinali titatha nyerere zakuda zonse za pabwalo. Kamodzi kakapeza mutu wa usipa kankathamanga kukaitana anzake, ndipo posakhalitsa pamalopo pankangoti bii.

Pa tsinde la mango pokha ndi pamene tinkalephera kudutsa. Ndinkagwada pamenepo kuonerera nkhondo. Zofiira zinkagwira kamodzi, ina mwendo uwu ina mwendo uwo, n'kukoka mpaka kaduke pakati. Tating'onoto tinkaunjikira yofiira imodzi, kuiluma mpaka igwe chagada. Pansi pankatsala mitu ndi miyendo yokhayokha, ndi kafungo kowawasa.

Tsiku lina amjomba anakwera kukathyola mango, zofiira n'kuwalowa m'malaya. Anatsika akudzimenya pakhosi.

"Zinthu izi, wina atangonditenthera!" anatero.

Sankatuma ine, ankangodandaula. Koma ndinali mwana wamanyazi, wofunitsitsa kuyamikiridwa ngakhale kamodzi. Atangobwerera kuntchito ndinamanga udzu kunsonga ya nsungwi, kuuyatsa, n'kutentha chisa chilichonse. Zinkathetheka n'kumawayawaya pamutu panga, zina zitanyamulabe mazira awo. Zimene zinagwa zamoyo, tating'ono tija tinazimaliza.

M'mawa wa tsiku limene amjomba anabweranso, nkhunda zinkangozungulira osalowa m'khola. Ndinakwera kukasuzumira. Maunda onse asanu ndi limodzi anali atakutidwa ndi tinyerere tating'ono tija, m'maso, m'mphuno, m'khwapa mopanda nthenga. Anayi anali atafa, awiri ankatsegulabe kukamwa popanda mawu. Phulusa langa linali bwinobwino. Nyererezo zinakwera mango n'kutsata nthambi imene inkagunda denga la khola.

Amjomba atafika anayang'ana maundawo, kenako masamba opserera.

"Watentha ndani?"

"Ndine, amjomba. Paja munanena kuti..."

Sindinamalize. Anathyola kanthambi ka mango omwewo n'kundikwapula m'miyendo mpaka magazi. Sindinathawe. Atasiya, anatenga mpeni n'kuzinga awiri otsala aja kuti asavutikenso. Kenako anakhala pansi.

"Nthambi iyi yagunda denga zaka zonsezi," anatero. "Unaonapo nyerere m'kholamu? Alonda ake ndi amene wawawotchawo."

Anatembenukira ku chitini cha duwa lija.

"Koma chitini ichi ndinabwera nacho ndine. Ndipo pakamwapa ndi panga. Kasambe miyendoyo, mphwanga."

Zipsera zinatha, koma nkhunda sizinaswenso m'khola limenelo. Lero ndikudziwa kuti nyerere zofiira zija sindinkadana nazo, ndinkakonda kuzionerera. Ndinazitentha pofuna kumva zikomo basi. Mpaka pano munthu wamkulu akadandaula ndili pafupi, manja anga amayabwa. Koma ndisanagwire moto ndimayamba ndadzifunsa kuti chimene chikulumacho chikutchinga chiyani.