Bafa la Madzi Otentha ku Masala

Keziya Daka anabadwa atakunga nkhonya. Amene analipo amalumbira kuti khandalo silinalire, linakalipa. Chomukwiyitsa chinalipo ndithu: anali mtsikana wachisanu m'nyumba ya a Nehemiah Daka, mkulu wa mpingo wa Reformed ku Ipusukilo, ndipo azakhali ake a ku Katete atasuzumira m'thewera anangoti, "Winanso?" n'kuyamba kufunsa za basi yobwerera.

Pofuna mwana wamwamuna, mayi ake anamwetsedwa mizu yochuluka mpaka mitengo ya ku Katete inkagwa yokha posowa pogwira. Wotsatira anabwerabe mtsikana, Felistas. Keziya anakula akumva mayi ake akunenedwa kuti ali ndi mimba yosadziwa ntchito. Mkwiyowo anaumanga pansonga ya chitenje n'kupita nawo kusukulu.

Anawerenga mpaka mabuku anamupempha kuti apumeko. Anapita ku Lusaka, kenako kunja kozizira, n'kubwerera ali dokotala wosabaya jakisoni, wofufuza chimene chimachititsa kuti cholengedwa chibadwe chachimuna kapena chachikazi. Kwa munthu, mlanduwo umagamulidwa tsiku limene mimba yaima. Dzira la mayi limanyamula kachidutswa ka chibadwa kotchedwa X nthawi zonse, ndipo mbewu ya bambo ndiyo imabwera ndi X kapena Y. Atawafotokozera zimenezi a Nehemiah, iwo anatsokomola mwezi wathunthu.

Ntchito yake yeniyeni ili pa nsomba zija kuno amati impende. Alimi amafuna zazimuna chifukwa zimakula msanga. Tiana ta nsombazi tikakhala m'madzi ofunda masiku oyambirira, tambiri timene tikanakhala tatikazi timakula ngati tatimuna. Kwa zaka zambiri Keziya wakhala m'labu mwake ku Kitwe akusakasaka kuti kutenthako kumakhudza pati m'chibadwa cha nsomba. Wakana amuna omufunsira odzaza minibasi ziwiri, koma nsomba sanaikanepo.

Tsiku lina pa ukwati ku Itawa wina anamufunsa za ntchito yake, iye n'kufotokoza. Pafupi panakhala mlamu wake Evaristo, mwamuna wa Felistas, wogulitsa zitsulo za galimoto ku Masala, ku Ndola. Anthu amamutcha bashi Mwabi, kutanthauza bambo a Mwabi, ndipo ali ndi ana aakazi atatu. Makutu ake anatambasuka ngati mbale za pa denga zokokera TV, koma anakoka mawu ochepa chabe: madzi ofunda, amuna.

Patapita milungu, Keziya anaperekera mlimi wina wa ku Ndola tiana ta nsomba, n'kuganiza zopatukira kwa mng'ono wake, amene anali ndi pakati pa miyezi itatu. Pakhomo anapeza mbaula ziwiri zili lawilawi, ndipo nthunzi yotuluka m'bafa ikanatha kuyendetsa sitima mpaka ku Kapiri. Evaristo anali pakhomo pa bafa atanyamula ketulo.

"Mulamu! Mwabwera bwino. Yesani madziwa, kodi afika pa mlingo wanu uja?"

Keziya anamukankha n'kulowa. Felistas anali m'beseni lalikulu, atafunditsidwa bulangeti, mutu uli zyolizyoli, milomo itauma.

"Ba sisi," ananong'ona, "ndikuona mdima."

Keziya anaponda beseni ndi phazi, madzi n'kukhuthukira pa nsapato za Evaristo, amene anavina gule wosadziwika kwawo ku Luapula.

"Mwayamba liti zimenezi?"

Evaristo anayankha mwaulemu, "Sabata yatha chabe, mukwai. M'mawa ndi madzulo. Si ndinu munanena?"

"Ndinanena za nsomba! Mng'ono wanga ali ndi mamba? Munamutenga m'damu?"

"Awe, koma sayansi ndi imodzi..."

"Mukanena sayansi kachiwiri, ndikuphikani m'ketulo momwemo, nsapato ndi zonse!"

Mawu ake anamveka mpaka pamsika, ndipo akuti makondakitala anasiya kuitanira anthu poganiza kuti kwabwera wowaposa. Kenako anamuveka Felistas zovala mwachangu. Ankadziwa kuti kutentha kotero kungathe kuvulaza mwana m'mimba, ndipo chinkamuwawa koposa chinali chakuti zaka zake zonse za m'labu zinathera m'beseni la pulasitiki, zikuwiritsa mng'ono wake.

Kuchipatala anamuika Felistas diripi. Namwino anayendetsa makina pamimba nthawi yaitali, Keziya atagwira chitsulo cha bedi mpaka kutsala pang'ono kuchipinda. Kenako kamtima kanamveka, kakugunda mofulumira.

"Unaloleranji?" anafunsa Keziya.

"Ndatopa, ba sisi. Apongozi akaimba foni safunsa za ine. Amafunsa ngati ulendo uno ndachita bwino."

Loweruka lotsatira mabanja awiri anakhala pansi ku Ipusukilo. Amalume a Evaristo anayamba ndi mawu ofewa, akuti mwana wawo anachita zimenezo chifukwa chokonda banja. Keziya sanadikire kuti apatsidwe mpata.

"Chikondi chokoleza mbaula ziwiri? Tamverani, bashi Mwabi. Atsikana atatu aja anasankhidwa ndi mbewu yanu, osati mimba ya Felistas. Ndipo palibe amene analakwa, chifukwa mtsikana si ngozi ya pamsewu. Mayi anga akhala apawa anamwa nkhalango yonse chifukwa cha umbuli womwewu. Mng'ono wanga ayi."

A Nehemiah anayang'ana pansi. Evaristo anakanda m'mutu, n'kufunsa mwaulemu wonse, "Ndiye ngati zili kwa ine, mulamu, ndizisamba madzi otani?"

Panafunika madikoni atatu kuti amugwire Keziya.

Phokoso lili mkati, Felistas anaimirira pang'onopang'ono atagwira m'chiuno.

"Bashi Mwabi, ine ku Masala sindibwerera pano. Ndikhala kwa ba sisi ndi ana anga mpaka ndichire. Mukadzabwera kuchipatala, mudzamunyamule mwanayo asanakuuzeni ngati ndi wamwamuna kapena wamkazi. Mukayamba ndi kufunsa, mudzabwerere pakhomo pomwepo."

Anatenga chikwama chake, Keziya n'kumutsegulira chitseko cha galimoto.