Mapazi Otupa ndi Kasosala ka Mchere

Zinayamba ndi jombo. Amuna anga ankagwira ntchito yozimitsa moto pa bwalo la ndege ku Chileka, ndipo jombo zawo ankazisamala kuposa mmene ankandisamalira ine. Izi ndinkawauza pamaso, iwo n'kumangoseka. M'mawa wina ndinawapeza pakhonde akulimbana ndi jombo ya kumanzere, thukuta lili kamukamu, phazi likukana kulowa. Nditagwada n'kudina pa kakolo, chala changa chinasiya kadzenje ngati pa ufa wokanda wa mandasi, ndipo kadzenjeko kanachedwa kubwerera.

Panali patatha mwezi ndi theka chiyambire kumwa mapiritsi atsopano. Kuntchito kwawoko ankawayeza m'thupi chaka ndi chaka, ndipo anawapeza ndi bipi. Mapiritsi oyamba ankawagonetsa tulo masana, ndiye tangoganizani wozimitsa moto akusinza ndege ikutera. Atawatumiza ku chipatala chachikulu m'tauni anabwerako ndi ena, timibulu tating'ono m'kaenivulopu, dzina lake nifedipini. Dzinali ndinaliloweza ngati vesi, poti wowakumbutsa kumwa ndinali ine, kamodzi m'mawa, kena madzulo. Masiku oyamba ankadandaula mutu ndi kutentha kumaso, koma zimenezo zinatha. Anatiuzanso kuti mchere tichepetse kwambiri. Ine sindidziwa kuchita zinthu mwatheka. Ndinasiyiratu kuthira mchere mumphika, n'kumauika pa kasosala pambali kuti ine ndi ana tizithira tokha m'mbale zathu.

Inali nthawi ya chipani chimodzi, ndipo ife amayi a ku Chileka tinalibe mpumulo. Mtsogoleri akamanyamuka kapena akamabwera, ovina pa bwalo la ndege tinali ife, titavala nsalu za chipani, phula likutiwotcha kumapazi. Nthawi zina lole inkabwera kudzatitenga kukakonzekera magule m'tauni, n'kukagona m'makalasi masiku atatu kapena anayi. Mwamuna analibe pakamwa ponenera kuti mkazi wanga sapita. Koma aliyense ankadziwanso zimene zinkanong'onedwa za maulendo amenewo, za amayi ena ndi madalaivala a malole. Ine ndinkapita, kuvina, kusasa mawu, kubwerera kwa ana anga. Sabata imene jombo inakana ija ndinali nditangobwera kumene ku ulendo wotere.

Loweruka lake kunabwera alamu anga, achemwali awo aakulu a amuna anga, kuchokera kumudzi kwawo kuseri kwa Lirangwe, atasenza nandolo ndi ufa. Mayi ameneyu ndi amene analera amuna anga makolo atamwalira, ndipo ankawaonabe ngati kamwana kosadziwa kupukuta mamina. Ine sanandikondepo chiyambire. Ankati akazi a ku Chileka maso awo ali m'mwamba, kutsatira ndege. Titakhala pa chakudya cha masana, analawa ndiwo n'kuima. Anayang'ana kasosala kaja. Kenako anasuzumira pansi pa tebulo, pamene panali mapazi a mlongo wawo ali m'patapata.

"Alamu, ndiwozi mwaphika ndinu?"

"Ndine, alamu."

"Nanga mchere bwanji simunathire ndi dzanja lanu?"

"Akuchipatala anatiletsa. Bambowa ali ndi bipi."

"Eti? Akuchipatala anakuletsani. Nanga mapaziwa atupa ndi chiyani?"

Wokulira kuno safunika kumumasulira. Amati mkazi akagona kunja kwa banja amakhala wotentha, ndipo akathira mchere m'ndiwo mwamuna wake amadwala tsempho: amatupa mapazi, n'kumafota, mapeto ake ndi kumanda. N'chifukwa chake mkazi wodziwa zimene wachita amauzemba mchere. Alamu anali nazo zonse patebulo limodzi, mapazi otupa, ndiwo zopanda mchere, ndi mkazi wongotsika kumene pa lole. Kwa iwo ndinali nditawasempha kale amuna anga, ndipo kasosala kaja kanali mantha a munthu wolakwa.

Ndinapsa mtima. Ndinayankhula zambiri, zina sindingazilembe pano. Nditatopa ndinatembenukira kwa mwini mapazi.

"Bambo, inu simuyankhulapo?"

Iwo ankangoyang'ana m'mbale. "Achemwali, tiyeni tidye kaye," anatero.

Basi, mawu awo anali omwewo. Zinandipweteka kuposa zonse zimene alamu ananena. Lolemba amuna anga anakapempha tchuthi kuntchito, n'kutsagana ndi achemwali awo kumudzi, ati kukapumako. Ndinawaikira kaenivulopu ka mapiritsi m'thumba la jekete, osawayankhulitsa.

Masabata awiri otsatirawo pansi panali posakhalika. Ndinkasesa pabwalo posesa kale. Ndinkachapa zovala zoyera kale. Ndikamva galimoto iliyonse ndinkathamangira kumsewu, n'kubwerako ndikudzitukwana. Nkhani inali itafika kale pampopi, poti m'malayini mwathu khoma linali ndi makutu, ndipo ndikafika ndi ndowa amayi ankasintha nkhani n'kuyamba za mtengo wa sopo. Ndinakwiyira alamu, ndinakwiyira amuna anga, ndinakwiyira ndi lole yomwe, koma za loleyo ndinkakwiyira m'mimba, chifukwa masiku amenewo mawu otero ankasowetsa munthu. Ndipo pansi pa mkwiyowo panali mantha. Mapaziwo anatupadi, ndipo ine sindinkadziwa chinawatupitsa.

Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Ndinatenga tikiti yawo ya kuchipatala n'kukwera basi ya m'tauni. Ndinakhala pabenchi kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka, ndikusuntha pang'onopang'ono, mpaka ndinalowa kwa dokotala wina wachikulire wa magalasi. Nditafotokoza, osabisa ngakhale za tsempho, sanaseke.

"Mayi, mankhwalawa amatero," anatero. "Amatakasula mitsempha kuti magazi aziyenda mosavutikira, ndiye kwa anthu ena timadzi timatsikira kumapazi. Zimenezo sizoopsa. Akaweruka azisanjika miyendo pampando. Choopsa n'kusiya kumwa. Akasiya mapazi aphwa, inde, koma bipi idzakwera mwakachetechete, ndipo tsiku lina mudzawatola atafa ziwalo. Akumwa koma?"

Ndinawapempha kuti alembe zimenezo patikiti, ndipo analemba mizere itatu m'Chingerezi. Kutacha ndinasiya ana kwa mayi anga, n'kukwera basi mpaka ku Lunzu, kenako matola mpaka pa Lirangwe. Pamsika anyamata a chipani anandiimitsa kufunsa kadi ya chipani, ndipo ndinaitulutsa ndikupondaponda pansi ngati munthu wofuna kutaya madzi. Kuchoka pamenepo ndinayenda wapansi kudutsa m'minda ya mapesi, theka kuyenda theka kuthamanga.

Ndinawapeza amuna anga atakhala pamphasa pansi pa mtengo wa mango. Choyamba kuona ndinaona mapazi. Anali ataphwa, akakolo ali poyera, mitsempha ikuoneka. Chachiwiri ndinaona dzanja lawo likusisita kumbuyo kwa khosi, maso ali psuu, ndipo pambali pawo panali kansanza ka madontho a magazi a m'mphuno. Kaenivulopu kaja ndinakaona katatsomekedwa m'denga la khonde, kali kotupa monga ndinakaikira.

Alamu anatuluka m'khitchini akumwetulira. "Mwabwera, alamu? Taonani mapaziwo. Masabata awiri okha a mizu yathu, ndi awo aphwa."

"Aphwa chifukwa asiya mapiritsi. Bwanji mwawaletsa?"

"Achikuda sasakaniza ndi achizungu, nanunso mukudziwa."

Ndinatulutsa tikiti ija n'kuwawerengera, ndikumasulira liwu ndi liwu. Anandimvetsera mpaka kumapeto, manja ali m'chiuno.

"Ndiye mukuvomera nokha kuti mumam'patsa mlongo wanga mankhwala otupitsa? Pepala lidziwa chiyani za m'nyumba mwanu? Ine ndaona ndi maso. Anabwera otupa, pano aphwa."

Chilichonse chimene ndikananena chinkathera m'thumba mwawo. Anandiuza kuti kwatsala chinthu chimodzi kuti tsempho lichokeretu: ndiphike ndiwo, ndithire ndi dzanja langa mchere wosakaniza ndi mankhwala awo pamaso pa ankhoswe, mwamuna adye. Zimenezo zikachitika mizu asiya, ndipo akhoza kubwerera ku mapiritsi ake ngati akufuna. Zisanachitike, mizu ipitirira ndipo kaenivulopu kakhala m'denga. Tonse tinkadziwa tanthauzo lake. Mkazi wosalakwa sathira mchere umenewo.

Ndinapita kuseri kwa nyumba n'kuyendayenda m'munda wa nandolo, uku ndi uku, mpaka chisoso chinadzaza nsalu yanga. Ndinaganiza za mayi anga, za amayi anzanga a kumpingo, za ana anga aakazi amene adzakula akumva kuti mayi wawo anavomera. Ndinaganiza zongokwera matola n'kuwasiya afe ndi mapazi awo okongolawo. Ndikunena zoona, maganizo amenewo anandifikira, ndipo anakoma. Koma kansanza ka magazi kaja sikankachoka m'maso mwanga.

Nditabwerera ndinaima pakati pa bwalo. "Ndithira. Koma kaenivulopu ako mundipatse lero, ndipo amwe pompano ine ndikuona. Mizu yanuyo ithere pano."

Alamu anazengereza, koma kuvomera kwanga ankakufuna kuposa mizu yawo. Anatsomola kaenivulopu n'kundiponyera. Apo m'pamene amuna anga anadzutsa mutu.

"Mayi, musatero. Ine ndikudziwa kuti inu..."

"Mwachedwa, bambo. Pakamwa panupo pankafunika ku Chileka, patebulo paja. Yasamulani."

Anameza kam'bulu kaja ndi madzi a m'chikho, misozi ili m'maso. Ine ndinalibe msozi ndi umodzi womwe.

Patapita masiku awiri ankhoswe anasonkhana. Amalume anga anabwera pa njinga kuchokera ku Chileka, ndipo nthawi yonseyo ankangoyang'ana zala za kumapazi kwawo. Ndinaphika mfutso wotendera. Alamu anandipatsa mchere wosakaniza ndi phulusa la mankhwala pa chibade, ndipo ndinautapa n'kuthira amayi onse akuona. Ndinamva mayi wina kumbuyo kwanga akupuma mokoka mpweya, ngati wanena kuti tinkadziwa ife.

Tinabwerera ku Chileka pa matola. Kuyambira pamenepo m'mawa uliwonse ndinkawapatsa kam'bulu kaja ndi dzanja langa, ndikudziwa bwino lomwe chimene kachite. Sipanathe masabata atatu, kadzenje kaja kanabwerera pa kakolo. Ndinkawayang'anitsitsa akamavula sokosi, ndikudikira tsiku limene adzandiyang'ane ndi diso la achemwali awo. Ndinkadzuka nalo dikiralo, kupita nalo kumpopi, kuvina nalo pa bwalo la ndege.

Tsiku lina akuweruka anabwera atakoleka jombo zatsopano paphewa, zazikulu kuposa zakale. Anaziika pansi patsogolo panga.

"Ndawauza a kusitolo ya kuntchito kuti phazi langa tsopano ndi limeneli," anatero. "Asandipatsenso zazing'ono."

Kupepesa kwawo kunali kumeneko. Ndinakulandira, koma sikunandikwanire, ndipo ndinawauza kambirimbiri. Pamaso pa achemwali awo sananenepo kanthu mpaka kalekale. Tikapita kumudzi ankabisa mapazi m'nsapato tsiku lonse, ngakhale m'chilimwe, ndipo ine kumaliro kapena kuukwati ankandipatsa ntchito yotunga madzi, kutali ndi miphika. Bambowo anagwira ntchito mpaka kupuma, ananyamula zidzukulu, n'kudzamwalira ali nkhalamba ndi matenda ena, mapazi ali otupabe.

Chaka chitatha chimwalirire bambowo tinapita ku Lirangwe kukamanga chiliza chawo. Nyemba ndi mbuzi ndinagula ndine, choncho ndinaima pa miphika osapempha chilolezo kwa munthu. Alamu anali atakalamba kwambiri, akuyendera ndodo, koma anadzikoka n'kudzakhala pa mpando pafupi ndi mbale ya mchere. Nditatambasula dzanja, anaika ndodo patsogolo.

"Alamu, mcherewo asiyireni anzanu."

Ndinayang'ana pansi kuti ndibweze mawu amene anafika pakhosi, ndipo m'pamene ndinaona. Akakolo awo anali otupa, zingwe za patapata zitalowa m'mnofu. Pa mfundo ya chitenje chawo pankasuzumira kaenivulopu ka kuchipatala, ndipo timibulu timeneto ndikanatizindikira ngakhale mumdima. Amuna awo anali atamwalira kalekale, panalibe wowasempha. Anaona kuti ndaona, n'kukokera chitenje kumapazi. Choncho ankadziwa chimene chinkatupitsa mlongo wawo. Kaya kuyambira liti, koma ankadziwa, ndipo ndodo anaikabe.

Ndinaikankha ndodoyo ndi phazi, n'kutapa mchere dzanja lodzaza amayi onse akuona. Dzanja lili kale pamwamba pa mphika ndinakumbukira kuti nawonso adya nyemba zomwezi ndi bipi yawoyo. Ndinabweza theka m'mbale, wotsalawo n'kuthira.