Chigubu cha aneneri ndi chikhodzodzo cha Tadala

Mwaswera bwanji nonse. Tangochoka kuchipatala ndi Tadala, mwana wa achimwene a Yohane, amene akukana sukulu chifukwa anzake amamuseka akanyowetsa yunifolomu.

Mkodzo auyeza, mulibe matenda. Adokotala ati chikhodzodzo chake chimafinya chisanadzaze, ndiye mkodzo umamupana mwadzidzidzi. Si ulesi, si mwano, ndipo ana ambiri amachira. Ati azipita kuchimbudzi pa nthawi yoikika ngakhale asanamve mkodzo, asiye tiyi ndi zakumwa za gasi, asamadzimbidwe, ndipo wina asamukwapule. Aphunzitsi tiwapemphe azimulola kutuluka.

Tsono nkhani ndi iyi. Azakhali a Nabanda analowa nafe atanyamula chigubu chachikasu, chija cha mafuta ophikira. Muli madzi odalitsa a mneneri wina wa ku Chipata, ochotsera chiwanda chokodzetsa. Mwana amamwa chikho chodzaza m'mawa uliwonse, china pachipata cha sukulu, kenako azakhali n'kumadabwa kuti chiwandacho chikukula mphamvu.

Adokotala anafunsa mwaulemu: "Mayi, chikhocho n'chachikulu bwanji?"

"Chija timasambira m'manja," anatero azakhali. "Chiwanda chachikulu sichimva kapu, bambo."

Adokotala ati madzi azimwa ndithu, koma pang'onopang'ono tsiku lonse. Tadala wavomera kubwerera kusukulu Lolemba, bola chikhocho chisamutsatire.

Vuto ndi lakuti pobwerera azakhali atsika minibasi pa Kamwendo, akuti akukaitanitsa chigubu china chifukwa lero mwana sanamwe, ndiye mawa amwe zikho zowirikiza. Ine andiuza kale kuti nyuzipepala zinandiwononga mutu. Ndani mwa inu awaimbire foni?