Supuni inapita ndi mcheni

Mboni zanga ndi amayi ndi malume. Kovidi yawatenga onse awiri, ndiye mungondikhulupirira. Dzulo kuntchito yosamalira okalamba ku Balga, kunja kuno, ndikudyetsa gogo wina, supuni inandikumbutsa ku Shire.

Chaka cha njala ndinaba supuni imodzi yokhayo ya m'nyumba mwathu. Ndinaidula chogwirira, kumangirira mbedza, n'kuipinda ndi mwala kuti isamazungulire malume akapalasa bwato mothamanga. Inkayenda m'madzi mowongoka ngati msilikali. Mcheni waukulu ngati chitseko cha tchalitchi, ndikulumbira, unaimeza, chingwe n'kuduka.

Kunyumba ndinapeza amayi atagoneka mlongo wanga wodwala pamiyendo, akumumwetsa phala ndi chala. Linkangotsikira m'masaya.

"Nanga nsombayo ili kuti, achimwene?" anafunsa amayi, osandiyang'ana.