Mpando wa Lukiya pa Sitima ya Ana

Paki ya Nsangu inatsegulidwa pa 6 Julayi 2015, moyang'anizana ndi nyumba yanga kuno ku Liwonde, ndipo woyamba kuikonda ndi mtima wonse sanali mwana. Anali a Mahmudu Ajasi, bambo wa kabaza wochokera kwa Kalembo, amene ankaima ndi anzawo pansi pa mtengo wa mango kunja kwa mpanda wanga. Chipumireni ntchito yauphunzitsi, ndi iwo amene ankanditenga popita kumsika ndi kuchipatala. Zambiri zimene ndikulemba pano ndinazimva nditakhala kumbuyo kwa njinga yawo, iwo akupalasa, mawu awo akundipeza ndi mphepo.

Pakiyo sinali yaikulu. Munali akatungwe, potsetserekera pa chitsulo, kadziwe kosambiramo ana komwe madzi ake sankachedwa kubiriwira, ndi sitima ya ana. Sitimayo inali ndi mutu wofiira ndi mabogi atatu, inkayendera magetsi, ndipo inkazungulira mitengo ya nsangu pa njanji yopapatiza. Mwini pakiyo ankakhala ku Blantyre ndipo sitinkamuona. Woyang'anira anali mwana wake, Dave, mnyamata wophunzira, waulemu, koma wosatha kukana kapena kuvomera chinthu mpaka pamapeto.

A Mahmudu akasowa wokwera ankatsamira mpanda wa waya n'kumaonerera. Ankaidziwa sitimayo ngati njinga yawo: ikalira mwachilendo pokhota pafupi ndi dziwe, ankauza mlonda kuti mafuta auma. Ndipo anali ndi maganizo ambiri a mmene pakiyo iyenera kusinthira. Ankati potsetserekera paja asunthire pamthunzi, chifukwa m'mwezi wa Okutobala chitsulocho chimawotcha ana matako mpaka kulira. Ankati mowa uzigulitsidwa kuseri, kutali ndi akatungwe. Ankafunanso mpopi ndi kamalo koyala mkeka, popeza tsiku limene paki imadzaza kwambiri ndi la Idi, ndipo makolo ankasowa poswalira. Za magetsi ndiye ankachita kuseka: dziko lozima magetsi masana ndi usiku, munthu n'kugula sitima ya magetsi. Iwo ankati mutu wa sitimayo aikemo tcheni ndi mapedulo, apalase munthu, ndipo wopalasayo alipo kale.

Anzawo a kabaza anawapatsa dzina loti Amanejala. Akaona galimoto ya Dave ikufika ankawakodola, amvekere: "Amanejala, wantchito wanu uja wabwera, kamulangizeni." Iwo sankakwiya. Ankapukuta manja pa thalauza n'kupitadi, ndipo Dave ankamvetsera akugwedeza mutu, kiyi wa galimoto akumuzunguza pa chala.

Koma maganizo onsewo anali ngati masamba chabe. Tsinde lake linali limodzi, ndipo ndinalidziwa pa 26 Juni 2017, tsiku la Idi.

Tsiku limenelo a Mahmudu anabwera ndi mwana wawo wamkazi, Lukiya, atamubereka ndi chitenje kumsana. Anali ndi zaka zisanu, atavala diresi yobiriwira yatsopano ndi mpango woyera. Miyendo yake sinalimbe chibadwire. Inkalendewera ngati ya chidole. Kunyumba mayi ake, a Maryam, ankamusamala, koma maulendo onse a kutali, a kusukulu, a kumadrasa, a kuchipatala, anali a bambo ake, pa njinga kenako pamsana. Mwanayo anali wolongolola. Atangoona sitima ija anafunsa ngati ndi yomweyo imene imapita ku Nayuchi, ndipo bambo ake anati eya, ndi mng'ono wake.

Sanakwere. M'mabogimo munali thabwa chabe lokhalapo, lopanda potsamira ndiponso lopanda zotchinga m'mbali. Ana ankagwira chitsulo cha kutsogolo n'kuponda pansi mwamphamvu sitima ikamakhota. Lukiya analibe chopondera. Woyendetsa anati mwanayo agwa, ndipo akuluakulu saloledwa kukwera chifukwa njanji ndi yopepuka. Analankhula zoona, ndipo a Mahmudu sanatsutse. Anaima pafupi ndi njanji mwana ali kumsana, iye akubayibitsa anzake nthawi iliyonse sitima ikadutsa, mpaka dzuwa linapendeka.

Kuyambira pamenepo pempho lawo lalikulu linali lakuti m'bogi imodzi muikidwe mpando wotsamira, wotchinga m'mbali, wokhala ndi lamba. Ankati si wa Lukiya yekha. Ankatchula ana ena a kwa Kalembo ndi a ku Chikweo amene makolo awo sawatulutsa n'komwe pa Idi chifukwa palibe kowapititsa. Dave ankati maganizowo ndi abwino, akambirana ndi bambo ake.

Kuti ndisamulakwire mnyamatayo, ndinene kuti tsiku lina anayesa. Pa 12 Febuluwale 2019 anawoloka msewu yekha n'kuwapeza a Mahmudu pansi pa mango, ine ndili pakhonde. Anawauza kuti za mpando zikuvuta, koma abwere ndi mwanayo Lachiwiri lililonse m'mawa, paki ilibe anthu. Iye adzayendetsa yekha sitimayo pang'onopang'ono, iwo akuyenda m'mbali atamugwira mwanayo, azungulire mpaka atope.

A Mahmudu anathokoza mwaulemu, manja ali pachifuwa. Kenako anati: "Achimwene, Lachiwiri m'mawa ndi ngati tsiku la kuchipatala. Mwana wanga sakudwala iyayi. Ndikufuna akwere pa Idi, atavala zatsopano, anzake ali kutsogolo ndi kumbuyo, azikuwa nawo limodzi."

Dave anangoti chabwino madala, n'kubwerera. Ine ndinawauza masana omwewo, tili pa njinga, kuti alandire kaye chimene chapezeka, chinacho azimenyerabe. Anandiyankha kuti akavomera Lachiwiri ndiye kuti mpando sudzabweranso, chifukwa eni paki adzati nkhani inatha. Sindinganene kuti ankaganiza molakwa. Ndinangoona kuti mwanayo akukula.

Chaka chotsatira kunabwera mliri ndipo paki inatsekedwa. Itatsegulidwanso inali itasintha, koma osati mmene a Mahmudu ankafunira. Dave anapeza kuti maukwati ndi maphwando ndiwo amabweretsa anthu. Anamanga shedi yaikulu ya malata pomwe panali akatungwe awiri, n'kuikamo masipika. Mowa unasendera pafupi ndi chipata. Pa Idi ya 2022 a Mahmudu anabwera ndi Lukiya, mpando kulibe, ndipo magetsi anazima tsiku lonse moti ngakhale ana amiyendo yolimba sanakwere. Mwanayo anali atalemera tsopano. Mapazi ake ankafika m'mawondo mwa bambo ake.

Kumayambiriro kwa 2023 amalume ake a Lukiya, a Bashir a ku Chikweo, ananena kuti mwanayo alowa ku nsondo, chinamwali cha atsikana, mwezi wa Ogasiti, pamodzi ndi atsikana anzake a kuchikazi. Kumeneko mawu a malume ndiwo amamveka pa nkhani za mwana, ndipo a Mahmudu sanakane, chifukwa ankafuna kuti mwana wawo alangizidwe ngati mtsikana wina aliyense, asadzatsale yekha ngati khanda. Koma ankadziwa chimene chidzatsatire. Anandifotokozera tikukwera kachitunda ka kumsika, akupuma movutikira.

"Akatuluka kumeneko ndi namwali, amayi. Ine kumubereka iyayi. Kumugwira m'khwapa kuti ndimukweze penapake iyayi. Ndidzangomupatsa moni ndili apo."

Ndinafunsa ngati anthu sangamvetse, poona mmene mwanayo alili. Anati anthu mwina angamvetse, koma mwanayo adzakhala atalangizidwa, ndipo iye mwini adzachita manyazi. Ndiponso namwali sakwera sitima ya ana.

Anasiya kudikira eni paki. Anatenga felemu ya njinga yawo yakale n'kupita nayo kwa wowotcherera zitsulo wa pa Ulongwe. Anapanga mpando wotsamira, wa zotchinga m'mbali, wokhala ndi mabowo anayi omangira pa thabwa la bogi, popeza muyeso wake anali atautenga kale ndi chingwe. Khushoni anasoketsa ngati ya pa kabaza, yofiira kuti ifanane ndi mutu wa sitima. Lamba anakatenga pa galimoto yakufa. Anaupenta mwezi wa Ramadani, akusala, n'kuusiya pakhonde panga kuti uume. Dave atauona anaukonda, anaugwedeza kuona kulimba kwake, n'kunena kuti aubweretse pa Idi m'mawa, adzaumanga limodzi.

Idi inali Loweruka, pa 22 Epulo 2023. A Mahmudu atatuluka ku swala anapalasa kuchokera kwa Kalembo, Lukiya ali kumbuyo atavala diresi yachikasu. Anapeza chipata chotseka, ana ambirimbiri ataunjikana kunja. Paki yonse inali itabwerekedwa ndi anthu a ukwati wochokera ku Zomba. Tsiku la Idi limadikira mwezi kuoneka, pomwe ukwati unalembetsa kalekale, ndipo Dave sanaganize kuti masiku awiriwo angakumane. Sitima inali itamangidwa maliboni ndi mabaluni kuti akwati ajambulitsirepo.

A Mahmudu anamukhazika mwanayo pakhonde panga, ndinamupatsa thobwa, iwo n'kupita kuchipata. Anadikira mpaka Dave anatuluka, tayi ili pakhosi, thukuta lili kamukamu. Ndinaona a Mahmudu atavula kofiya, chinthu chimene sindinawaonepo akuchita pamsewu.

"Achimwene, Lachiwiri lija likadalipo?"

Dave anati lilipo, abwere Lachiwiri likubwerali, ndipo anapepesa kangapo.

Madzulo a tsikulo tinamva phokoso ndi kuseka kuchokera m'pakimo. Anyamata operekeza mkwati, atakhuta mowa, anakwera sitima ija onse, amuna a ndevu, ena atakhala, ena ataimirira. Woyendetsa anawaletsa koma eni ukwati anati alipira paki yonse. Pokhota pa dziwe paja njanji inapindika, mabogi anatsetsereka, ekiselo ya mutu inathyoka, ndipo injini inapsa. Palibe amene anavulala. Anajambulana zithunzi atagona pa udzu.

Lachiwiri, pa 25 Epulo, a Mahmudu anabwera m'mawa ndi mwana wawo. Ndinawatsatira nditanyamula khushoni. Mabogi anali atakokeredwa pafupi ndi mpanda, mawilo ali mumchenga. Dave anaima chapatali, manja ali m'thumba, akunena kuti amisiri abwera kuchokera ku Blantyre mwezi wamawa. A Mahmudu anayenda m'mbali mwa njanji yonse, akuwerama, akuigwira, kufuna kuona ngati pali chigawo chowongoka choti angakankhepo bogi imodzi ndi manja. Chinalipo, koma mawilo a mabogi onse atatu anali atakhota.

Anamangabe mpando uja pa bogi yapakati. Mabowo anagwirizana bwinobwino. Anamunyamula Lukiya, anamukhazika, anamumanga lamba, n'kubwerera m'mbuyo pang'ono. Mwanayo anagwira zotchinga za m'mbali, anayang'ana kutsogolo kumene kunali mpanda wa waya ndi mabotolo a ukwati, kenako anayang'ana bambo ake.

"Mpando ndi wabwino, ababa," anatero. "Sindikugwa. Tiyeni tizipita, mungachedwe ku ntchito."

Amisiri sanabwere. Pa 14 Julayi ndinaona lole ya ogula zitsulo zakale ikutuluka ndi njanji, mabogi, ndi mutu wofiira uja utagonekedwa chammbali. Mlonda anali atamasula mpando wa a Mahmudu n'kuubweretsa kwa ine. Pomwe panali njanji anathirapo miyala kuti paziima galimoto za maukwati.

Lukiya anapita ku Chikweo pa 12 Ogasiti. Bambo ake anamupalasa mpaka pakhomo pa amalume ake, anamutsitsa okha pa njinga, n'kumupereka m'manja mwa amayi a kumeneko. Mwanayo anatuluka ku nsondo pa 2 Sepitembala, patangotsala sabata kuti akwanitse zaka khumi ndi ziwiri. Tsopano amamunyamula ndi mayi ake ndi azakhali ake, ndipo popeza a Maryam sapalasa njinga komanso ali ndi munda ndi ana ena, mtsikanayo sapita kutali. Sukulu amapita masiku amene wapezeka womutengera. Ku Liwonde sanabwerenso. A Mahmudu amati akafika kunyumba amamupeza pamkeka akusoka, amamupatsa moni ali chiimire patali, iye amayankha maso ali pansi, mwaulemu kwambiri, monga anamulangizira.

Iwo akadali pa kabaza, ngakhale njinga zamoto zawalanda okwera ambiri. Tsitsi layera ndipo pa kachitunda ka kumsika amatsika n'kumakankha, ine ndili pompo. Anzawo anasiya kuwatchula Amanejala. Dave anasamukira ku Lilongwe, ndipo woyang'anira watsopano sawadziwa.

Pa Idi ya chaka chino ndinawaona atatsamira mpanda wa waya ngati kale. M'katimo munali galimoto ndi mipando ya pulasitiki, ndi katungwe mmodzi wotsala amene ana ankalimbirana. Atabwera kudzamwa madzi anandiuza kuti pakiyo ikhoza kukonzeka: miyala ija ingochotsedwa, njanji ya ngolo za m'migodi imapezeka, mutu wa sitima aupange wopalasa. Ndinawafunsa ngati autenge mpando wawo, chifukwa khushoni yayamba kudyedwa ndi dzuwa pakhonde panga, ndipo Lukiya akhoza kumakhalira kunyumba.

Anauyang'ana, anaupukuta fumbi ndi kofiya, n'kunena kuti anamufunsa kale, ndipo iye anati wamuchepera.

"Usiyeni pomwepo, amayi. Ndi wa pa sitima."