Zipinda Zitatu mu Mkuyu

Inu ofuna kulimbikitsidwa, khalani pansi ndikuuzeni. Sindichedwa, zochapa zikundidikira.

Tsiku limene anapaka utoto wofiira pa mkuyu, mwana wamkazi wa mng'ono wanga anali atalephera kachiwiri mayeso ojambula mapulani a nyumba. Sukulu inali itamutaya. Ankagulitsa maambulera pansi pa mkuyuwo, kuseri kwa nyumba yogona alendo, pakati pa mzinda. Utotowo unkatanthauza kuti mtengo udulidwa, mwini nyumba amangepo zipinda zina.

Anzake ankamutcha Wamapulani pomuseka, chifukwa ogula akasowa ankajambula pa makatoni. Ankajambula chinthu chimodzimodzi: kachipinda m'mwamba mwa mkuyu, bedi loyang'ana masamba, ndi zenera loti ukatsegula madenga a mzinda akunyezimira pansi pako, mbalame zikudutsa m'munsi mwa mapazi ako.

"Wamapulani, utoto wauona?" anatero mayi wogulitsa zikwama pambali pake. "Nyumba yako ya anyani yagwa isanamangidwe."

"Ikadzatha, nyani woyamba kukwera mudzakhala inu, mayi."

Anayankha moseka. Anatola makatoni ake n'kukagogoda kwa mwini nyumba.

Bamboyo anayang'ana zojambulazo n'kupukusa mutu.

"Mwanawe, maganizo amenewa ndinali nawo kale. Ndinaitana katswiri wa mapepala ake. Anamanga nsanja pakati pa nthambi ziwiri zikuluzikuluzo, mabauti uku ndi uku. Mphepo itabwera, matabwa anang'ambika ngati nsanza."

"Bwana, anamanga molimba mbali zonse ziwiri?"

"Molimba zedi."

"Chinathyola matabwa n'chimenecho."

Anadziwa bwanji? Zaka zinayi ankamangirira lona wake pa nthambi zomwezo, ndipo chaka choyamba anang'ambitsa malona atatu. Atakhala n'kumayang'ana kumwamba masiku ambiri, anaona kuti nthambizo sizigwedezeka limodzi: ina ikapita kum'mawa, inzake imatsalira. Anayamba kumanga mbali imodzi ndi chingwe, mbali ina ndi mphira wa chubu cha tayala. Lona sanang'ambikenso.

"Odula mtengo abwera pakatha milungu itatu," anatero bamboyo. "Ika kansanja. Kakapirira mphepo, tikambirana."

Mtsikanayo anapeza kalipentala wokalamba wa pamsewu womwewo. Mtanda uliwonse anaumanga pa nthambi imodzi yokha. Pa nthambi inayo anangoukhazika pa chitsulo chosalala kuti uzitsetsereka. Mlungu woyamba mtanda unatsetserekadi, mpaka unadutsa chitsulo n'kugwa, n'kuphwanya maambulera ake onse. Msewu wonse unaseka.

Sanalire nthawi yaitali, anabwezera mtandawo pamalo pake. Masana aliwonse mphepo ikayamba ankakwera ndi choko, n'kulemba pomwe mtanda wafika. Atapeza mzere wakutali kwambiri, anakasulitsa chitsulo chachitali kuposa pamenepo.

Odula mtengo anafika tsiku lamphepo, makina awo ali paphewa. Mtsikanayo anapempha mwini nyumba kuti akwere kaye. Bamboyo atafika pamwamba anakumbatira nthambi.

"Nsanja ikuyendatu iyi!"

"Ikuyenda ndi mtengo, bwana. Ikadzaima ndiye mudzathawe."

Bamboyo anakhala pansi pang'onopang'ono. Masamba ankawomba m'manja pamwamba pake, phokoso la magalimoto likumveka kutali ngati mtsinje. Kenako anasuzumira pansi.

"Anyamata, bwererani nawo makinawo!"

Lero mumkuyumo muli zipinda zitatu. Mapulani ake anawayeza n'kuwasainira katswiri uja, ndipo sanachite manyazi kufunsa za mphira wa chubu. Mayeso aja mtsikanayo analemba kachitatu n'kukhoza. Mayi wa zikwama anakweradi woyamba.

Nanenso ndinakwera, mawondo akudandaula. Ndinati ndingoona n'kutsika, poti sindikonda zachibwana. Ndinangotsamira pabedi, chipinda chikundigwedeza ngati ndili kumsana kwa mayi anga omwe anamwalira kalekale, ndipo ndinadzuka dzuwa litapendeka, tsamba lili pachifuwa.

Utoto wofiira uja ukadalipo pa thunthu. Mwini nyumba anakana kuti aupale.

Tsono inu amene mwalephera kawiri, lekani kukhala ngati mwaferedwa. Pamene mwakhala zaka zonsezi mukuti mukungovutika, pali chimene mwaona chomwe katswiri sanaone. Chinyamuleni, ngakhale chili pa katoni, mukagogode. Mtima usagwe, odula mtengo amabwerera.