Bawuti Yothyokera m'Pampu ya Apongozi

Pampu yapetulo yothirira kudimba inali ya apongozi anga aakazi. Ine ndinali mkamwini chabe, wobwera ndi chikwama chimodzi ndi mphamvu zosowa ntchito. Chaka chimenecho dzuwa la Okutobala linatentha moti nkhuku yathu ina inaikira dzira lophikaphika. Ndinalidya ndekha, n'chifukwa chake mboni palibe.

Tomato wa apongozi anali pa maluwa, ndipo kungomugoneka tsiku limodzi osamwa, maluwa onse akanayoyoka. Tsono pamwamba pa pampu pali bawuti yotseka pothirira madzi oyambira, poti popanda madziwo pampu sikoka. Inali itagwira dzimbiri. Ndinaika sipanala, yakana. Ndinalumikiza paipi ku sipanala n'kudzikoloweka thupi lonse. Phwa! Mutu wa bawuti unauluka, ndipo ocheka matabwa ku Chambe akuti anaumva ukudutsa. Thunthu lake linatsalira m'mazinga, phee, ngati linabadwira momwemo.

Mkazi wanga anali kumsika ku Thuchila. Ndinaimbira wowotcherera zitsulo wa pa Chinakanaka, akuti magetsi anazima dzana. Ndinayesa pulayala, ndinayesa mpeni. Tomato akungowerama.

Kwathu kuno mkamwini ndi apongozi aakazi sayang'anana, sayankhulana. Mukakumana panjira, wina amakhotera m'chinangwa. Zaka zitatu za ukwati, ine ndinkawadziwa zidendene zokha. Koma ndinali nditamva kuti anasesapo zaka zambiri m'galaja ya kuesiteti ya tiyi, tsache m'manja, maso kwa amakaniko.

Ndinangomva kutsokomola kuseri kwa nthochi. Anali iwowo, atandifulatira.

"Iwe nthochi," anatero, "uwauze akamwini asiye kukanda chitsulocho, chilibe mphere."

Ndinagwada, nanenso n'kufulatira. "Nthochi, uwauze amayi kuti ndamva."

"Atenge khala la moto, kandulo, hamala ndi msomali wa sikisi inchi. Koma ayambe atsanula petulo yense akaike kutali. Maliro sindikuwafuna, nkhuni ndilibe."

Ndinachita zonse. Khala ndinaliika pathunthu paja mpaka chitsulo chinatentha, kenako ndinagunditsa kandulo, phula n'kutsetserekera m'mazinga. Msomali ndinaunola pamwala, n'kudinda kadzenje m'mphepete mwa thunthulo. Ndiye ndinayamba kukhoma.

"Nthochi! Akupha njoka kapena? Apendeketse msomali, azigogoda ngati mlendo waulemu. Ndiponso akumangitsa. Azipita uko amamasulira chitsekero cha botolo."

Sanacheuke ngakhale kamodzi. Zoti ndikumangitsa anazimva ndi khutu. Mphezi indiombe ngati ndikunama.

Ndinatembenuza msomali. Go, go, go. Thukuta langa lokha linathirira mizere iwiri ya kumtunda. Kenako chitsulo chinalira kwii, n'kusuntha pang'ono. Ndinagogodabe mpaka chinatulutsa khosi, ndipo kotsalako ndinamasula ndi zala, chikunditentha, ine osadandaula poopa kuti nthochi ikanena.

"Nthochi, uwauze amayi chatuluka. Koma chotsekera palibe."

Anamasula mfundo ya pakona ya chitenje, n'kuponya chinthu chakumbuyo, osayang'ana. Bawuti ina, yopaka girisi. Inagwera m'thumba la malaya anga. Thumbalo lilipo mpaka lero, wofuna abwere adzaone.

Ndinathira madzi oyambira, ndinamanga bawuti ndi zala ziwiri zokha ngati ndikutsina khanda, ndinabwezera petulo, n'kukoka chingwe. Pampu inatsokomola kawiri, madzi n'kubwera. Tomato ndinamumva akumeza, gudyu gudyu.

Zidendene zija zinayamba kulowera kumudzi.

"Nthochi, uwauze ayambire mzere wa kumunsi. Ndiwo wafota kwambiri."